Mtengo wa minibasi utsike, koma alipire ndani?

Wochokera ku Bangwe kupita ku chipatala cha Queen Elizabeth amakwera kawiri: minibasi yofika ku Limbe, kenaka ina yodzera mu msewu wa Masauko Chipembere. Gogo wodwala shuga amalipira mofanana ndi mnyamata wa pantchito, ndipo wa njinga ya olumala nthawi zina kondakitala amamuuza kuti njingayo ilipirenso mpando wake. Kalembera wa 2018 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 aliwonse ali ndi ulumali. M'chaka cha 2024 tidakhala ndi malamulo atsopano oteteza okalamba komanso aulumali, koma pa siteji mtengo sudasinthe.

Ine ndikuona kuti kungolamula eni minibasi kuti atsitse mtengo kwa okalamba ndi aulumali n'kudzinamiza. Dalaivala ali ndi ndalama yoti akapereke kwa bwana madzulo, choncho akaona gogo wolipira theka adzangomudutsa. Boma ndilo liyenera kulipira gawo lotsalalo, potumiza ndalama ya mayendedwe pa foni ya wokwerayo. Ena anena kuti thumba la boma ndi lobooka, n'zoona, n'chifukwa chake tiyambe ndi maulendo a kuchipatala okha. Za chinyengo nazo zili ndi yankho: chiphaso cha unzika, chomwe tidayamba kulembetsa mu 2017, chimaonetsa tsiku lobadwa, ndipo ndondomeko yopereka ndalama ya Mtukula Pakhomo yakhala ikufikira kale mabanja osauka kuyambira 2006. Aphungu a mu Blantyre, nkhaniyi ikafike ku Nyumba ya Malamulo bajeti isanadutse.