Ena buku lidawatengera ku America, ena ku Mikuyu

Kuno kwathu munthu wamkulu akapezeka pakhonde maso ali pabuku, anansi amayamba kunong'onezana kuti kaya mkuluyu akubwereza mayeso a Fomu 4, kaya wayamba ubusa. Ambirife timayesa buku ndi katundu wa ana a sukulu basi. Tikangolemba mayeso omaliza timalitsanzika mpaka kalekale, ndipo masamba ake amakathera kumsika kokulungira mandasi ndi usipa.

Ine ndili m'gulu la anthu ochepa aja amene nthenda yowerenga idatilowa m'mafupa. M'miyezi yapitayi ndatsiriza mabuku anayi a Amalawi anzathu, aliyense akusimba za moyo wake: a Legson Kayira, William Kamkwamba, a Sam Mpasu ndi a Jack Mapanje. Nditatseka lomaliza ndidaona kuti nkhani za anthu anayiwa zagona pa mphamvu ya buku. Awiri oyambawo buku lidawazula mu umphawi wa kumudzi. Awiri enawo buku lidawatsekeretsa m'ndende ya Mikuyu ku Zomba, osaonekera n'kukhoti komwe.

Wapansi mpaka ku Khartoum

Ndidayamba ndi la malemu a Legson Kayira lotchedwa I Will Try, lomwe lidatuluka mu 1965. Dzinali adalitenga ku mawu olimbikitsa ophunzira a pasukulu ya sekondale ya Livingstonia kumene adaphunzira, kutanthauza kuti ndiyesa. Ndipo kuyesako adayesadi, abale inu. Mu Okutobala 1958 mnyamatayu, wa m'mudzi wa Mpale kumpoto kwenikweni kwa dziko lino, adatsanzika mayi ake kuti akupita ku America kukaphunzira. Ndalama adalibe, pasipoti adalibe, nsapato adalibe. Mayi akewo sankadziwa kuti America ili kuti, choncho adamukonzera kamba wa masiku asanu. Iye adaonjezapo kankhwangwa, bulangeti ndi mabuku awiri, Baibulo ndi buku la John Bunyan lija timaliti Ulendo wa Mkhristu.

Nzeru yopita ku America adaitola m'mabuku momwemo, atawerenga za Abraham Lincoln amene adabadwira m'banja losauka nadzakhala pulezidenti, ndi Booker T. Washington amene adabadwa kapolo nadzakhala mphunzitsi wotchuka. Adadutsa Tanganyika akuima m'njira kugwira maganyu, mpaka adafika ku Kampala m'dziko la Uganda kumayambiriro kwa 1960. Kumeneko adalowa mulaibulale ya boma la America napeza buku la mayina a makoleji. Adalembera kalata koleji ya Skagit Valley m'chigawo cha Washington, ndipo adamuyankha kuti bwera. Adapitiriza ulendo mpaka ku Khartoum m'dziko la Sudan, kumene adakwera ndege ndi ndalama zomwe ophunzira ndi anthu a kudera la kolejiyo adasonkha. Adatera ku America mu Disembala 1960, patatha zaka ziwiri chichokereni kumudzi.

Bukuli n'losavuta kuwerenga, ndipo mwini wake sadzitama. Amadziseka yekha pa umbuli wake wa panjira, iwenso owerenga umangopezeka ukuseka naye. Chondiwawa ndi chimene chidadza pambuyo pake. A Kayira adakaphunziranso ku Cambridge nalemba mabuku ena a nthano, kuphatikizapo The Detainee la mu 1974, lonena za munthu wamba womangidwa popanda chifukwa pansi pa wolamulira wankhanza. Buku lotere nthawi ya Kamuzu Banda lidali ngati kudzitsekera wekha khomo lakwanu. Adakhazikika ku England mpaka adamwalira ku London mu 2012. Munthu woyenda makilomita zikwizikwi kufuna maphunziro, nzeru zake zidakathandiza eni ena.

Wamisala wa ku Wimbe

Lachiwiri ndi la William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe m'boma la Kasungu, lotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, la mu 2009. Mwina ena mudaonera filimu yake ya mu 2019, koma ndikuuzeni, filimuyo ndi msuzi chabe, nyama ili m'buku.

William adasiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa bambo ake adalephera kulipira fizi, njala ya 2001 mpaka 2002 itasesa nkhokwe. Posafuna kungokhala, adayamba kupita ku kalaibulale ka pasukulu ya pulaimale ya Wimbe. Kumeneko adapeza buku lotchedwa Using Energy, pachikuto pake pali chithunzi cha makina opanga magetsi ndi mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, koma ankatsatira zithunzi mpaka kumvetsa. Adakatola fani ya thalakitala kudzala la zitsulo, mapaipi a pulasitiki, njinga yakutha ya bambo ake ndi dayinamo, nazikweza pamwamba pa mitengo ya bulugamu. Anthu ankati wapenga, ena ankati wayamba chamba. Koma paja wamisala adaona nkhondo. Tsiku lina anthu atasonkhana kudzamuseka, mphepo idaomba, babu n'kuyaka m'manja mwa mnyamata wa zaka 14.

Komabe mbali imene idandikhudza kwambiri ndi ya njala. Banja lonse kudya kamodzi patsiku, anthu kulimbirana gaga amene kale ankapatsa nkhuku, mizere ya pa ADMARC yoti munthu kufola m'mamawa osadziwa ngati chimanga chimupeza. Pamene William akusimba m'mene adakasiyira galu wake Khamba kuthengo, atamumangirira kumtengo chifukwa chakudya chomupatsa padalibe, ine ndidatseka buku kaye. Tonse amene tidaiona njala imeneyo tili ndi kanthu kathu kotere kamene sitikonda kukakamba.

Ndipo tisaiwale kuti izi zidachitika nthawi ya matipate. Chimanga cha m'nkhokwe za boma chidagulitsidwa njala isanafike, ndipo boma la a Bakili Muluzi lidadzavomera kuti dziko lili pa ngozi mu Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kugwa m'misewu. Mwana wa mlimi wailemba mbiri imeneyi momveka kuposa malipoti onse a akatswiri.

Pondidandaulitsa ndi poti bukuli adalemba mothandizana ndi mtolankhani wa ku America, Bryan Mealer, ndipo mwina ndi mwina umachita kumva kuti akulankhula ndi mlendo. Mmalawi kumufotokozera kuti nsima n'chiyani, ha, zimakhala ngati akukuonetsa njira ya kunyumba kwako komwe.

Nambala 3/75

Mabuku awiri otsalawo ndi a kundende. La malemu a Sam Mpasu, Political Prisoner 3/75, lidatuluka mu 1995, ndipo dzinalo ndi nambala imene adawapatsa atawatsekera. Mlandu wawo? Adalemba kabuku ka nthano kotchedwa Nobody's Friend, ndiye apolisi a Special Branch adati ameneyu akunena Ngwazi. Mu Januwale 1975 adawanyamula, nakhala m'ndende zaka ziwiri mpaka 1977. Woweruza sadamuone, loya sadamuone, tsiku lotuluka sankalidziwa.

Bukuli n'lalifupi, loti munthu kulitsiriza Loweruka limodzi, ndipo a Mpasu salira ayi, amangoyala zinthu m'mene zidaliri. Chimene chidanditsala m'mutu ndi nkhani ya a Focus Gwede, mkulu wa Special Branch amene dzina lake lokha linkanjenjemeretsa anthu ophunzira. Mu 1976 a Gwede adamangidwa pamodzi ndi a Albert Muwalo, mlembi wamkulu wa chipani cha Kongeresi. A Muwalo adanyongedwa mu 1977, a Gwede adakhala m'ndende zaka zambiri. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anyamata amene mumatumidwa kukaopseza anzanu chifukwa cha ndale, bukuli ndi lanu.

Koma poliwerenga lero munthu sungadzinamize kuti sukudziwa zimene zidatsatira. A Mpasu omwewo adadzakhala nduna ya zamaphunziro mu 1994, kenaka sipikala wa Nyumba ya Malamulo mu 1999. Mu 2008 khoti lidawapeza olakwa pa mlandu wogwiritsa ntchito udindo molakwika pa nkhani ya makope a Fieldyork, niliwagamula zaka zisanu ndi chimodzi. Adamwalira mu 2018. Ine ndatolapo ziwiri. Choyamba, kuzunzidwa dzulo sikusandutsa munthu mngelo, ndiye tileke kuvotera anthu chifukwa chongoti adakhalako ku Mikuyu. Chachiwiri, mu 2008 a Mpasu adaima pamaso pa woweruza, adali ndi loya, adadziwa mlandu wawo ndi kutalika kwa chilango. Mu 1975 zonsezi padalibe. Amene amati demokalase sidatipindulire kanthu ayambe ayerekeza ndende ziwirizi.

Ng'ona za usiku

Lomaliza, lalikulu kuposa onse, ndi la a Jack Mapanje lotchedwa And Crocodiles Are Hungry at Night, la mu 2011. Za ng'onazo akuluakulu mukudziwa, paja otsutsa boma ankauzidwa poyera kuti adzakhala nyama ya ng'ona. A Mapanje adali mkulu wa nthambi ya Chingerezi ku Chancellor College. Buku lawo la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, lidatuluka ku London mu 1981, ndipo mu 1985 lidachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo ogulitsa mabuku m'dziko muno. Pa 25 Sepitembala 1987 apolisi adawagwira ku Gymkhana Club ku Zomba. Adatuluka ku Mikuyu mu Meyi 1991, patatha zaka zitatu, miyezi isanu ndi iwiri ndi masiku 16, popanda wina kuwauza chimene adalakwa.

Kunena zoona bukuli limafuna kupirira. N'lalitali, mayina ndi ambiri, ndipo pena mkwiyo wa mwini wake umachita kutentha pepala. Koma ndani angawadzudzule? Chimene ndidakondwera nacho n'chakuti sadalembe za iwo okha. Muli akaidi anzawo monga a Machipisa Munthali amene adakhala m'ndende zaka 27, ndi dokotala wa maopaleshoni a m'mutu a George Mtafu. Mulinso alonda ena a ndende, anthu a malipiro ochepa, amene ankazembetsa timakalata kupita kunja podziwa kuti akagwidwa nawonso alowa momwemo. Timakalata timeneti ndi timene tidathandiza mabungwe ngati Amnesty International ndi PEN kudziwa zimene zinkachitika mkati, nasokosera boma mpaka chitseko chidatseguka. Tikamatchula ngwazi za ufulu wathu, alonda amenewa sitiwakumbuka n'komwe.

Taganizani, boma lokhala ndi asilikali, apolisi ndi apayoniya, kuchita mantha ndi ndakatulo za mphunzitsi. Akuluakulu a nthawi imeneyo ankadziwa bwino mphamvu ya zolembedwa, n'chifukwa chake mu 1968 adakhazikitsa lamulo lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu. Iwo buku ankaliopa. Ife amene tapatsidwa ufulu wowerenga chilichonse ndi amene tikulinyoza.

Nanga a kumudzi awerenga liti?

Apa ndi pamene pagona dandaulo langa lalikulu. Mabuku anayi onsewa adalembedwa m'Chingerezi, ndipo onse adayamba kusindikizidwa kunja: awiri ku New York, la a Mpasu ku Harare, la a Mapanje ku England. Mlimi wa ku Wimbe amene adadya gaga chaka chimodzimodzi ndi William, mayi wa ku Machinga amene mwamuna wake adatengedwa usiku osabweranso, nkhani ndi yawo koma yanenedwa m'chinenero chimene ambiri a iwo sachimva. Mzungu wa ku London akuidziwa Mikuyu kuposa mwana wa Fomu 2 wa ku Zomba konko.

Wina asaname kuti Chichewa sichingasenze nkhani zolemera. A Samuel Josia Nthara adalemba Nthondo mu 1933. A John Gwengwe adatipatsa Sikusinja ndi Gwenembe, a Willie Zingani adatipatsa Njala Bwana. Ndipo kumbukirani kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992. Idagwedeza dziko chifukwa idawerengedwa m'matchalitchi m'zinenero zimene anthu amamva, Chichewa ndi Chitumbuka, kufikira boma lidalamula kuti wopezeka nayo amangidwe. Patangotha chaka ndi miyezi itatu, pa 14 Juni 1993, tidaponya voti ya riferendamu. Ikadakhala ya m'Chingerezi chokha, bwenzi itangothera m'maofesi.

Tsono pempho langa likupita kwa osindikiza mabuku, aphunzitsi a zinenero m'mayunivesite athu ndi eni mawailesi. Kambiranani ndi eni mabukuwa kapena mabanja awo, muwamasulire m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, muwagulitse pa mtengo woti mphunzitsi wa pulaimale n'kukwanitsa. Madzulo muziwerengako mutu umodzi pawailesi m'malo motidyetsa nyimbo zokhazokha. Inunso aphungu a Nyumba ya Malamulo, pa ndalama za chitukuko cha m'madera mwanu patulaniko kangachepe kogulira kabati ya mabuku pasukulu iliyonse ya pulaimale. Kalaibulale ka ku Wimbe kadali ka mashelefu owerengeka, koma mwana amene adalowamo adakamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America mu 2014.

Kwa inu awerengi anzanga, ngati muli nalo limodzi mwa mabuku amenewa, musalikhomere m'sutikesi kuti chiswe chidyere. Bwerekani mwana wa aneba, ndipo akabweza mumufunse zimene wapezamo.