Zipolopolo 6 kapena 10? Mkangano wa revolver ndi zimene Karonga anaona

Amene tinakula tikuonera mafilimu a ma cowboy m'mavidiyo sho tikukumbukira mmene anyamata ankawerengera kulira kwa mfuti. Ikalira kasanu ndi kamodzi, onse ankadziwa kuti mwini filimu zamuthera, tsono athawe kapena agwiritse zibakera. Nambala ya 6 inakhazikika m'mitu mwathu ngati lamulo. Komatu lero ku America kuli mfuti za maonekedwe omwewo zotenga zipolopolo 9, 10, ngakhale 12, ndipo okonda mfuti sakugwirizana. Ena akuti n'chitukuko, ena akuti n'kuononga mwambo.

Mfuti yake ndi yotani?

Revolver ndi mfuti yam'manja yokhala ndi kamgolo kachitsulo pakati. Kamgoloko kali ndi mabowo, bowo lililonse chipolopolo chake, ndipo kamazungulira kuti chipolopolo chotsatira chiyang'anizane ndi mpope wa mfuti. Mtundu umene azungu amautcha single-action suwomba pongokoka chala ayi. Woombera amayamba wakokera kumbuyo kanyundo ka mfutiyo ndi chala chachikulu, kamgolo n'kusuntha, kenako n'kuwomba. Akafuna kuwombanso, abwereze zomwezo.

Mawu akuti rimfire akunena za chipolopolo. Mankhwala oyatsa onga amakhala m'mkombero wa kumunsi kwa chikhokhombe, ndiye kanyundo kamamenya m'mphepetemo osati pakati. Chikhokhombe chotere chimayenera kukhala chopyapyala kuti chiphwanyike chikamenyedwa, n'chifukwa chake zipolopolo za mtunduwu masiku ano zimakhala zing'onozing'ono. Chodziwika kwambiri ndi .22 Long Rifle, chonenepa pafupifupi mamilimita 5.7, chimene chinatuluka mu 1887.

Nambala ya 6 inachokera kuti?

Mfuti imene timaiona m'mafilimu aja ndi Colt Single Action Army ya mu 1873, imene inapangidwira asilikali a America. Chipolopolo chake, .45 Colt, n'chonenepa kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi cha .22. Kuti kamgolo kasaphulike komanso kasakule mpaka kulemera m'chiuno, mabowo 6 ndi amene ankakwana bwino. Inali nkhani ya kukula kwa chitsulo basi.

Colt inasiya kupanga mfutiyi nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Nkhondo itatha, mafilimu a ma cowboy anatchuka, anthu n'kuyamba kuifunanso. William Ruger, amene anayambitsa kampani yake mu 1949, anaona msika. Mu 1953 anatulutsa Ruger Single-Six, yooneka ngati Colt ija koma yowomba tizipolopolo totchipa ta .22. Mabowo anawasiya 6 omwewo, ngakhale malo analipo a ena, poti ogula ankafuna chofanana ndi cha m'filimu.

Chodabwitsa n'chakuti revolver yoyamba ya Smith & Wesson, ya mu 1857, inali ya .22 rimfire, single-action, ndipo inkatenga zipolopolo 7. Choncho amene amati mwambo wa makolo ndi 6 amaiwala kuti gogo wake wa mfutizi anali nazo 7.

Zonena za mbali ziwiri

Mu 2011 Ruger inatulutsa Single-Ten ya mabowo 10, kenako Single-Nine ya mabowo 9. Kampani ya Heritage nayo ili ndi Rough Rider ya 6 ndi ya 9, pomwe Uberti ya ku Italy inafika pa 12. Okonda zatsopanozi amati ngati tizipolopolo n'tating'ono, chitsulo chotsalacho chikungolemera pachabe. Munthu wopita kukaphunzira kulasa chandamale amawomba nthawi yaitali asanaime.

Koma paja amati kuchuluka n'kwabwino, kuipira kutha ndiwo. Mfuti ya mtunduwu sitsegula kamgolo konse nthawi imodzi. Ili ndi kachitseko kumbali yakumanja. Umatsegula, n'kukankha chikhokhombe chimodzi ndi kandodo kokhala pansi pa mpope, n'kuzunguza kamgolo, n'kukankhanso china. Zikatha zonse, uyambe kulowetsa zatsopano chimodzichimodzi, ndi zala zimene mwina zili ndi thukuta. Mabowo akakhala 10, ntchito imeneyi imatalikanso. Nthawi imene wapindula powomba umaibweza podzaza.

Palinso kamvekedwe ka m'manja. Kamgolo ka mabowo 6 kamazungulira madigiri 60 ukakoka kanyundo, pomwe ka mabowo 10 kamangosuntha madigiri 36. Amene dzanja lake linazolowera kakale amamva kuti china chake chasintha. Komanso Single-Six yambiri imagulitsidwa ndi timigolo tiwiri tosinthanitsa, ka .22 Long Rifle ndi ka .22 Magnum, mwayi umene Single-Ten ilibe.

Akale ankaikamo 5 zokha

Apa ndi pamene mwambo uli ndi nzeru yeniyeni. Pa Colt yakale, kanyundo kakagona pa chipolopolo, mfuti ikangogwa pansi inkatha kulira yokha. Anthu ochenjera ankadzaza mabowo 5, lachisanu n'chimodzi n'kulisiya lopanda kanthu pansi pa kanyundo. Mu 1973 Ruger inaikamo kachitsulo kotchinga kamene kamalola kanyundo kufikira chipolopolo pokhapokha chala chikakoka. Kusintha kumeneku kunapulumutsa anthu, ndipo n'kofunika kuposa kuonjezera mabowo.

Zimene zinachitika ku Karonga

Mbiri ya kwathu nayo ili ndi phunziro pa nkhani ya kuchuluka kwa zipolopolo. Chaka chomwe chipolopolo cha .22 Long Rifle chinatuluka, 1887, n'chimenenso nkhondo inabuka ku Karonga. Mlozi, wamalonda a minyanga ndi akapolo, anamanga linga ku Mpata, anzake Kopakopa ndi Msalemu n'kumanga awo pafupi. Angonde, anthu a mfumu Kyungu, anathamangitsidwa m'midzi mwawo, ndipo ambiri anaphedwa ku Kambwe mu Okutobala chaka chimenecho. Mwezi wotsatira anthu a Mlozi anazinga sitolo ya African Lakes Company, imene ankayang'anira Monteith Fotheringham, mpaka gulu lalikulu la Anyakyusa linabwera kudzathandiza.

Mfuti zambiri zimene zinkayenda ndi amalonda nthawi imeneyo zinali zagogodela. Kuti iwombe kamodzi, munthu ankathira onga kukamwa kwa mpope, n'kuika chipolopolo, n'kutsindira ndi ndodo, zonsezi mdani akuyandikira. Azungu a kampani anali ndi mfuti zodzazira kumbuyo, zowomba kangapo wa gogodela asanamalize kutsindira. Poona zimenezi munthu akanati nkhondo itha sabata imodzi.

Sinathe. Mu Juni 1888 mzungu wina, Frederick Lugard, anatsogolera gulu la kampani lokathyola linga la Kopakopa, koma chipolopolo chimodzi chinamuvulaza manja onse awiri ndi pachifuwa, gulu lake n'kubwerera. Makoma a mitengo ndi dothi, okhala ndi timabowo towomberapo, sankasamala kuti kunjako mfuti ikulira kangati pa mphindi. Mu 1889 kampani inabweretsa mzinga wa Armstrong, koma nawonso sunagwetse malingawo. Chaka chomwecho Harry Johnston anapangana mtendere ndi Mlozi. Kugonjetsa Mlozi kunatheka mu Disembala 1895, Johnston atabwera ndi asilikali ophunzitsidwa, ena a Chisikh ochokera ku India, pamodzi ndi mizinga ndi sitima zapanyanja. Linga linagwa ndipo Mlozi ananyongedwa.

Zaka 8 zimenezo zikuonetsa kuti kuchuluka kwa zipolopolo m'mfuti ndi mbali yaing'ono ya nkhani. Malo amene waima, luso la wogwira mfuti ndi ntchito imene akufuna kuchita, n'zimene zimalemera.

Nanga kwathu kuno lero?

Ku America revolver ya .22 ndi ya masewera olasa chandamale, yophunzitsira oyamba kumene, komanso yophera tinyama ting'onoting'ono pafamu. Kuno si chinthu chogula ngati khasu. Lamulo la mfuti la dziko la Malawi, la mu 1967, limafuna kuti aliyense wosunga mfuti akhale ndi chilolezo, ndipo nkhani za zilolezo zimadzera kupolisi. Boma ngati Karonga, lokhala ndi chipata cha Songwe ndi nyanja yotseguka, lili pa njira imene katundu wosaloledwa angathe kudutsa. Mfuti yopanda mapepala, kaya ndi gogodela wa agogo wobisidwa kudenga kaya ndi pisitolo yatsopano, ndi mlandu.

Ndipo pasakhale wonyozera .22 poti ndi kakang'ono. Chipolopolo chake chimatha kuuluka kupitirira kilomita imodzi, ndipo chimapha.

Tsono yabwino ndi iti?

Wofuna kumva m'manja mwake zimene ankamva akale asankhe ya 6, podziwa kuti nambalayo inali nkhani ya kukula kwa chipolopolo. Wongofuna kuwomba chandamale nthawi yaitali, ya 10 imukwanira, bola asadandaule podzaza. Kusiyana kwake n'kochepa kuposa phokoso la mkanganowo. Funso loyenera kufunsa musanawerenge mabowo ndi lakuti mfutiyo ili ndi chotchinga kuti isalire ikagwa, ili ndi chilolezo, ndipo imagona pamalo okhoma pamene mwana sangafike. Zitatuzi zikasowa, ngakhale chipolopolo chimodzi chachuluka.