Injini ikoke, koma giyabokosi ili ndi malire

Pikapu ikawoloka mlatho wa Bakili Muluzi pa Mangochi kulowera ku Malindi, kumbuyo kwake kumakhala kutathina: matumba a simenti, zigubu za petulo wa maboti, anthu atakhala pamwamba pa zonsezo miyendo ili lende. Pobwerera imasenza usipa ndi utaka. Eni matola akamagula galimoto amafunsa kuti injini imakoka bwanji, koma funso limenelo liyenera kubwera pambuyo. Injini ya dizilo ndi yopirira. Chimene chimayamba kugonja ndi zitsulo zopereka mphamvuyo kumatayala, makamaka kilatchi ndi giyabokosi.

Mphamvu imene amakaniko amaitcha torque ndi yopotokola, ija munthu amaika pa sipanala pomasula nati yolimba, ndipo amaiyeza mu Nm. Dizilo amaitulutsa yochuluka injini isanathamange n'komwe, n'chifukwa chake amakondedwa pa katundu. Hilux yakale ya injini ya 5L inkapereka pafupifupi 200 Nm. Ya 2.8 imene inatuluka mu 2020 imafika 500 Nm ikakhala ya otomatiki, koma injini yomweyo ikalumikizidwa ku giya ya pamanja, a Toyota amaibweza pa 420 Nm. Ngati opanga eniake amachepetsa dala mphamvu ya injini yawo kuti igwirizane ndi giyabokosi, ndiye kuti malirewo si nkhambakamwa.

Pikapu zambiri zimene timaziona kuno zinapangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi, kuwerengera ndi anthu omwe. Matumba 20 a simenti akwanitsa kale muyezowo munthu asanakwere ngakhale mmodzi. Zotsatira zake zimaoneka pa chitunda cha Chowe popita ku Namwera, kapena pamchenga wa msewu wa ku Makanjira. Dalaivala amaponda mafuta phazi lina lili theka pa kilatchi, injini n'kumalira koma galimoto ikungokwawa, kondakitala akuthamangira mwala woti atchinge tayala. Fungo lopserera limene limalowa m'mphuno pamenepo ndi kilatchi ikudyeka. Chomvetsa chisoni n'chakuti galimoto zambiri za 4x4 zili ndi giya yotsika ya 4L, yopangidwira malo oterowo, koma ena amaiona ngati yochedwetsa ulendo. Dzinja limabweretsa lake vuto: galimoto yotentha ikaloŵa mumtsinje, madzi amatha kuloŵerera m'giyabokosi ndi mu difu, oyilo n'kusanduka woyererako ngati tiyi wamkaka, ndipo mabeyaringi amayamba kulira patapita masabata.

Mwini matola adzati kulankhula n'kosavuta. Mafuta ndi okwera mtengo, galimoto zopita kutsidyako n'zochepa, ndipo kusiya mayi ndi dengu lake la nsomba pamsewu ndi nkhanza. Zonsezi n'zoona, ndipo sitingamuweruze ngati wosaganiza. Koma masamu ake amasiya chinthu chimodzi. Matumba oonjezerawo amalipira lero, pamene giyabokosi ikafa imaimitsa galimoto masiku ambiri, zipangizo zikusakidwa ku Limbe kapena ku Lilongwe, ndipo masiku onsewo mayi uja alibe chokwera.

Ena amati otomatiki njosalimba, ya m'tauni basi. Nambala zija zikutsutsa zimenezo, chifukwa ndiyo imalandira mphamvu yochuluka. Mdani wake ndi kutentha. Oyilo wake akapsa pokoka katundu pamchenga m'nyengo ya Okutobala, amada n'kuyamba kununkha, magiya n'kumaterereka. Pamene okayikawo akunena zoona ndi pa kukonza: ya pamanja makaniko wodziwa ntchito amaimasula pansi pa mtengo wa mango n'kuibwezera, pamene otomatiki yamakono imafuna kompyuta ndi oyilo wa mtundu wake weniweni. Kwa munthu woyenda pakati pa Malindi ndi Makanjira, chifukwa chimenecho n'chokwanira kusankhira ya pamanja, bola avomereze kuti 420 Nm ndi tani imodzi ndiwo muyezo umene wagula.