Mwana wapamsika amaphunzira ndi manja, musamangomukalipira

Sitima ya Ilala ikakocheza padoko la Nkhata Bay, aliyense maso amakhala pa katundu: matumba a usipa, chinangwa, nthochi, ndi anthu a ku Likoma ndi Chizumulu amene akutsika. Ine maso anga amakhala pa tiana ta m'mbali mwa nyanjamo. Kamnyamata koti sikadziwa kulemba dzina lake kakupalasa bwato bwinobwino, osagubuduka. Anakaphunzitsa ndani? Palibe anakalembera pabolodi. Thupi lake linaphunzira lokha pogwa, kudzuka ndi kuyesanso.

Akatswiri nawo akuti ndi momwemo. Jean Piaget wa ku Switzerland anapeza kuti kuyambira pobadwa kufika zaka 2, khanda limadziwa dziko pogwira, kulawa, kumva, kuona ndi kukwawa. Nchifukwa chake chilichonse limaponya mkamwa, ndipo mukalipatsa supuni limaigwetsa dala kakhumi. Si mwano ayi, likuyesa kuti lione chichitike nchiyani.

Mu 1963, Richard Held ndi Alan Hein ku America anayesa tiana ta mphaka tokulira mumdima. Akatitulutsira poyera, kamodzi kankayenda kokha, kanzake kankanyamulidwa m'kabokosi. Tonse tinkaona zinthu zofanana, koma konyamulidwako kanalephera kuzindikira phompho ngakhale kuponda poyenera. Kuona kokha sikukwanira, pafunikanso kuyenda.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna tikambirane, amayi ndi abambo apamsika. Kubereka mwana kumsana nkwabwino, amamva kutentha kwa mayi ake ndi mawu awo. Koma kuyambira mmawa mpaka dzuwa kulowa ali m'chitenje kapena m'katoni pansi pa benchi? Makasitomala akachepa, muyalireni mphasa pamthunzi akwawe. Mpatseni lichero, chikho, chipande. Wokulirapo aziika tomato m'milu, aziwerenga zotsekera mabotolo. Masamu amayambira pamenepo. Phada, fulaye, bawo ndi galimoto zamawaya zimalimbitsa zala zomwe mawa zidzagwire pensulo. Ngakhale chilimika ndi malipenga, magule a Atonga, amaphunzitsa mwana kumvera ng'oma ndi kuyendera limodzi ndi anzake.

Mwana amene amangomva "Usagwire! Khala pansi!" tsiku lonse amasanduka wamantha, apo ayi wovuta, chifukwa mphamvu zake zasowa kopita.

Sindikuti mumulekerere. Nyanja siseka ndi munthu, makamaka mwera ukamaomba, ndipo m'madzi odekha mokhala nkhono mumabisala likodzo. Wamng'ono asapite kugombe popanda wamkulu. Ndalama zachitsulo, mikanda, mpeni ndi mbaula zikhale patali ndi khanda.

Boma linayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, koma mwana amalowa Sitandade 1 ali ndi zaka 6. Zaka zisanu ndi chimodzi zoyambazo, mphunzitsi wamkulu ndinu, kalasi yake ndi pabenchi panupo. Paja akuluakulu anati m'mera mpoyamba.