ANA OSAKHAZIKIKA M'NYUMBA PA NYENGO YA CISANU

 Nkhani yathu lero iri ya nyengo ya cisanu, ndi ya ana amphamvu aja amene nyengo imeneyi imawatsekera m'nyumba.

Miyezi ya June ndi July ndiyo yozizira koposa m'maiko athu a kumwera kwa Africa, ndipo kuzizirako kumakula pa malo okwera. Dedza ali pa msinkhu wa mamita ngati 1,600 kuyezera pa nyanja yamcere, Harare pafupi 1,500, Lusaka pafupi 1,300, ndipo Johannesburg, kumene abale athu ambiri akugwira nchito, apitirira 1,700, kotero kuti m'mamawa ena udzu umayera mbuu ndi cisanu. Ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre kuli ciperoni, nkhungu ndi mvula yowaza imene inatenga dzina ku phiri la Chiperone m'dziko la Mozambique. Ciperoni akafika amatha kugona masiku angapo dzuwa osaoneka. Abale amene anapita ku Britain cisanu cao cimadza kumapeto a caka, ndipo ku London m'mwezi wa December dzuwa limalowa nthawi isanakwane 4 koloko. Konseko dandaulo la makolo liri limodzi: ana sangathe kutuluka, ndipo m'nyumba mwasanduka bwalo.

Inu nonse mukudziwa cimene cimacitika. Mwana wa zaka 3 akwera pa thumba la cimanga nalumphira pa mphasa. Mkulu wace athamangitsa mphaka kuzungulira mpando, wakhanda adzuka nayamba kulira, amai akalipa, ndipo posakhalitsa wina athyola kamkwapulo. Madzulo onse atopa, koma ana akanabe kugona.

CIFUKWA CACE MWANA SAKHALA PANSI

Tisanaweruze mwanayo, tiyeni tifunse cimene cimtuma kutero. Thupi lace liri pa nchito ya kukula. Mafupa amalimba pamene asenza thupi pothamanga ndi polumpha. Minofu imakula pogwiritsidwa nchito. Ubongo nao umaphunzira pa kuyenda komweko: kuyeza mtunda wa pakati pa mpando ndi mphasa, kusunga thupi kuti lisagwe, kudziwa mphamvu yoyenera poponya cinthu. Kotero kufuna kuyenda kuli njala yeniyeni, yofanana ndi njala ya nsima. Mwana wanjala mukamkwapula amakhala cete kanthawi, koma njalayo ikadali pomwepo.

M'caka ca 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, linalemba muyeso wace wa njala imeneyi. Mwana wa caka cimodzi kufikira zaka 4 ayenera kuyenda ndi kusewera mphindi 180 pa tsiku, ndiko kunena maora 3, omwazikana m'tsiku lonse. Kwa mwana wa zaka 3 kapena 4, mphindi 60 mwa zimenezi zikhale za masewera amphamvu, otulutsa thukuta ndi befu. Khanda losayamba kukwawa ligonekedwe camimba liri maso, wamkulu akuyang'anira, mphindi zosacepera 30 pa tsiku. Ndipo mwana wamng'ono asamangike malo amodzi, kaya kumbuyo pa mbereko kaya pa kampando, kupitirira ora limodzi nthawi imodzi. Muyeso umenewu sucepa cifukwa kunja kuli nkhungu. Ngati bwalo latsekeka, maora atatuwo ayenera kupezeka m'nyumba.

Pali citsanzo cakale cimene aphunzitsi a ana ang'ono amacidziwa bwino. Mu mzinda wa Rome, ku dera la amphawi lochedwa San Lorenzo, eni nyumba anabvutika ndi ana osafika msinkhu wa sukulu, amene makolo ao ankawasiya okha popita ku nchito. Anawo ankadetsa zipupa ndi kuononga makwerero. M'caka ca 1907 anawasonkhanitsa m'cipinda cimodzi, ana ngati 50, nawapereka m'manja mwa dotolo wamkazi, Maria Montessori. Iye anaika m'cipindamo mipando ndi magome ang'ono, opepuka kuti mwana athe kunyamula yekha, nalola anawo kuyenda, kusesa, kupukuta ndi kusamba m'manja okha. Ana omwewo amene ankaononga anayamba kugwira nchito mwakhama ndi mwabata. Mphamvu zao zinali zomwe zija, koma tsopano zinapeza poturukira.

MOTO UYAMBE WASAMALIKA

Musanayambitse masewera ali onse m'nyumba, yang'anani moto. Pa nyengo ino mbaula imalowa m'cipinda, ketulo iri pamwamba pace, ndipo mwana wothamanga sayang'ana pansi. Tulutsani mbaula, nyali ya parafini, kandulo ndi mphika wa phala asanayambe kusewera. Musaope kuti azizidwa, pakuti minofu ikamagwira nchito imatulutsa kutentha, ndipo mwana amene walumpha mphindi 10 amayamba yekha kubvula juzi.

Mbaula iri ndi ngozi yina yosaoneka. Makala akamayaka m'cipinda cotseka amatulutsa mpweya wochedwa carbon monoxide, wopanda pfungo ndi wopanda maonekedwe. Magazi amaugwira mpweya umenewu mwamphamvu kuwirikiza ka 200 ndi kupitirira kuposa m'mene agwirira mpweya wabwino umene thupi limafuna. Ana amapuma mofulumira kuposa akulu, motero amayamba ndiwo kugwidwa. Zizindikiro zace ndi mutu, cizungulire, kusanza ndi tulo tosadziwika bwino. Mwana wocangamuka akangofooka mwadzidzidzi m'cipinda ca mbaula, musakondwe kuti tsopano wakhazikika. Mtulutseni kunja, tsegulani zitseko, ndipo thamangirani naye ku cipatala. Mbaula isagone m'cipinda cogona anthu, ngakhale makala aoneke ngati atha.

Ngati mwana wapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pa balapo kwa mphindi 20, thupi lonse mutalifunditsa. Musapakepo mafuta, dzira, kapena mankhwala otsukira mano. Bala la kumaso, la m'manja, kapena loposa cikhatho ca mwanayo, lionedwe ku cipatala. Akulu anati madzi akatayika saoleka, ndipo cipsera ca pa ubwana munthu amakalamba naco.

MASEWERA A M'CIPINDA CIMODZI

Moto utacoka, kankhirani gome ndi mipando ku cipupa, cotsani mipeni, mabotolo ndi ndowa ya madzi, yalani mphasa kapena matiresi. Malo a mphasa ziwiri akwanira. Uzani ana malire ace: apa mposewera, uko nkwa katundu. Mwana amasunga lamulo msanga pamene wapatsidwa malo amene ali ace.

Masewera oyamba ndi a mayendedwe a nyama. Wamkulu achula nyama, ana nayenda monga iyo kucokera ku cipupa kufika ku cinzace. Cule adumpha atanyonyomala, nkhanu iyenda cam'mbali ndi manja ndi miyendo, bakha ayenda atagwira akakolo, njoka ikwawa camimba, kalulu alumpha miyendo iri pamodzi. Mayendedwe ali onse agwiritsa minofu yace, ndipo mphindi 10 za masewera amenewa zitopetsa koposa m'mene mungaganizire.

Aciwiri ndi mtsinje. Yalani zingwe ziwiri pansi motalikirana pang'ono, ana nalumpha kuoloka. Onse akaoloka, kulitsani mtsinjewo pang'ono. Cingwe comweco mukaciyala cokha cisanduka mlatho wopapatiza, woyendapo phazi kutsogolo kwa linzace, manja atatambasuka. Ana a zaka 5 ndi 6 angathe kulumpha cingwe ngati denga liri lalitali.

Acitatu ndi ulendo. Konzani njira: kukwawa pansi pa gome, kudumpha mtsamiro, kuzungulira mtondo, kulowa m'katoni, kugwira citseko ndi kubwerera. Akazolowera, aloleni akonze okha njira yatsopano, pakuti kunyamula ndi kukankha zinthuzo ndi masewera kale.

Acinai ndi mpira wa nsanza kapena wa masokosi okulunga, umene suswa galasi. Ikani dengu kapena licero patsogolo, ana naponyamo, akubwerera m'mbuyo phazi limodzi nthawi iri yonse akalowetsa. Imikani zitsononkho kapena mabotolo a pulasitiki kuti azigwetse pogubuduza mpirawo, ndipo wogwetsa athamange kukaimikanso.

Acisanu ndiwo oposa onse, ndiwo gule. Tsegulani wailesi, kapena imbani nokha nyimbo za citelele ndi kuomba m'manja, cidebe cikhale ng'oma. Gwirizanani kuti nyimbo ikaleka onse aume ngati mtengo, ndipo ikayambanso abvine. Masewera amenewa aphunzitsa cinthu cimene mwana wamphamvu acisowa kwambiri, ndico kuimitsa thupi lace pamene wauzidwa. Agogo amene miyendo yao inatopa angathe kutsogolera gule ali khale pa mpando.

NCHITO NAYO NDI MASEWERA

Nyengo ya cisanu iri pambuyo pa kukolola, ndipo nchito za m'nyumba sizisowa. Mwana wa zaka 4 angathe kutong'ola cimanga, kutuntha zitsononkho, kusesa ndi katsace kace, kukolopa pansi akukankha cisanza ndi manja awiri, kupinda zofunda ndi mkulu wace. Nchitoyo sikhala yosalala monga ya amai, koma musaibwereze iye akuona. Muyamikeni, pakuti m'mera mpoyamba. Cenjerani ndi mtedza, nyemba ndi njere za cimanga pamene pali ana osakwana zaka 3, cifukwa amaziika m'kamwa, m'mphuno ndi m'makutu, ndipo mtedza wathunthu ungathe kutsamwa mwana kufikira zaka 5. Masanje nao angalowe m'nyumba: citenje pa mipando iwiri ndi nyumba, zivindikiro ndi mbale, koma moto wace ukhale wongoyerekeza.

KUGAWA TSIKU

Maora atatu aja safunika nthawi imodzi. Gawani tsiku: masewera amphamvu m'mawa atadya phala, ena masana, ena dzuwa litapendeka. Mwana wamng'ono sakhalitsa pa cinthu cimodzi, motero sinthani masewera asanatope nao. Wailesi ya kanema ndi foni zimakhazika mwana cete, koma njala ya kuyenda imangosungika kudikira usiku. Bungwe lija linalangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asapatsidwe zoonera zimenezi, ndipo wa zaka 2 kufikira 4 asapitirire ora limodzi pa tsiku.

Nthawi ya kugona ikayandikira, tsitsani masewera pang'onopang'ono. Nyama yomariza ikhale birimankhwe, woyenda mwaulemu, mwendo umodzi, kuima, mwendo wina. Pambuyo pace zirapi ndi nthano, ana atafunda. Mwana wa caka cimodzi kapena ziwiri afuna tulo ta maora 11 kufikira 14, kuwerengera ndi ta masana, ndipo wa zaka 3 kapena 4 afuna maora 10 kufikira 13. Amene wasewera mokwanira sabvuta pogona.

Mau amodzi otsiriza pa za kunja. Cimfine cimadza ndi tizirombo topatsirana, ndipo timafala msanga pamene anthu apanikizana m'cipinda cotseka mazenera. Cifukwa cace tsiku louma, dzuwa likakwera, mbvekeni mwana juzi, cipewa ndi nsapato, mumlole atuluke. Zoona, mwana amataya kutentha msanga kuposa wamkulu, kotero zobvala zikanyowa ndi nkhungu mumsinthe pomwepo. Masewera a m'nyumba ali a masiku a ciperoni, a m'mamawa ndi a madzulo.

Abambo, nchito iyi si ya amai okha. Pofika ku nyumba, mphindi 15 za kukhala kavalo pa mphasa zipumitsa mkazi wanu, ndipo ana adzazikumbukira atakula. Anansi a nyumba zoyandikana angathe kusinthana, lero ana onse kwa uyu, mawa kwa uyo, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tsono mawa kukaca ndi nkhungu, tulutsani mbaula, kankhani gome, yalani mphasa, ndipo muitane acule ndi ankhanu anu.