Phindu la kampani ya mafuta ku Paris ndi belo la fodya ku Chinkhoma

Kanayi pachaka, chakumapeto kwa Epulo, Julayi ndi Okutobala komanso kumayambiriro kwa Febuluwale, kampani ya TotalEnergies imatulutsa lipoti lofotokoza momwe malonda ake ayendera m'miyezi itatu yapitayo. Lipotilo limachokera ku likulu lake ku Paris, ndipo amene amaliyembekezera ndi mtima wonse ndi eni masheya a ku Ulaya ndi ku America. Koma dzina la kampaniyi lilinso pa malo ambiri omwetsera mafuta m'dziko muno. Choncho zikamveka kuti yapeza phindu la mabiliyoni a madola, munthu amene wachezera pamzere wa petulo, kapena mlimi wa ku Kasungu amene mabelo ake akudikira lole yosowa dizilo, amafunsa ngati chuma chonsecho sichikuchokera m'thumba mwake.

Funsoli n'lomveka, koma manambala a m'lipotilo akusonyeza kuti phindu lalikulu limapangidwira kutali kwambiri ndi pampu. Ngakhale zili choncho, lipotili lili ndi zambiri zouza dziko lomwe limagula mafuta ndi ndalama za fodya.

Kuchokera pachitsime mpaka papampu

TotalEnergies, yomwe idayamba m'chaka cha 1924 ndipo idatenga dzina latsopanoli mu 2021, ili m'gulu la makampani ochepa, monga Shell, BP ndi ExxonMobil, omwe amagwira ntchito yonse ya mafuta okha. Amafufuza ndi kupopa mafuta pansi pa nthaka kapena pansi pa nyanja, amawanyamula pa sitima, amawayenga kuti patuluke petulo, dizilo ndi palafini, kenaka n'kugulitsa kwa oyendetsa galimoto. Munthu wa ku Kasungu angazimvetse poyerekeza ndi kampani ya fodya yomwe ili ndi esiteti yakeyake, malole ake, fakitale yake ku Kanengo, makina opangira ndudu, mpaka golosale yogulitsiramo. Chaka chimene mtengo wa tsamba watsika, esiteti imalira koma fakitale imasangalala chifukwa yagula motchipa. Mtengo ukakwera, zinthu zimatembenuka. Mwini zonsezo sagwa kwathunthu m'chaka chilichonse.

N'chifukwa chake lipotili silipereka nambala imodzi yokha. Limagawa ntchito m'nthambi zisanu, ndipo zotsatira za chaka cha 2024 zikuonetsa bwino pomwe pagona ndalama. Nthambi yofufuza ndi kupopa mafuta idabweretsa phindu la madola pafupifupi 10 biliyoni. Ya gasi wosungunula, yemwe amanyamulidwa pa sitima, idayandikira madola 5 biliyoni. Nthambi ya magetsi ndi yoyenga mafuta zidapitirira pang'ono madola 2 biliyoni iliyonse. Nthambi yogulitsa mafuta kwa anthu, yomwe imayang'anira malo onse omwetsera mafuta kuphatikizapo oposa 4,000 a mu Africa muno, siidafike pa madola 1.5 biliyoni. Iyi ndiyo nthambi yokhayo yomwe Amalawi amaiona ndi maso, ndipo ndi yaing'ono pa zonse. Gawo la Malawi m'kati mwake ndi kadontho chabe kosaoneka n'komwe m'manambala akuluakulu a lipotilo.

Phindu la mitundu iwiri

Chomwe chimasokoneza ambiri n'chakuti lipoti limodzi limatchula phindu kawiri, ndipo manambala awiriwo amatha kusiyana kwambiri. Nambala yoyamba ndi yotsata malamulo owerengera chuma, yomwe imachotsera chilichonse, kuphatikizapo kutsika mtengo kwa katundu amene kampani ili naye. Yachiwiri ndi yokonzedwa, yomwe imasiya pambali zochitika kamodzi pofuna kuonetsa momwe malonda a tsiku ndi tsiku ayendera.

Miyezi ya Epulo mpaka Juni 2020 ndi chitsanzo chabwino. Mliri wa Covid-19 udaimitsa ndege ndi galimoto, ndipo mgolo wa mafuta osayenga a Brent, womwe umakhala malita 159, udatsika mpaka pansi pa madola 20 mu Epulo. Kampaniyi idalengeza kuti yataya madola 8.4 biliyoni. Koma madola 8.1 biliyoni mwa amenewo sadatuluke m'thumba mwezi umenewo. Kudali kuvomereza papepala kuti katundu wina, makamaka migodi ya mafuta a mumchenga ku Canada, sadzabweretsanso ndalama zomwe ankayembekezera. Phindu lokonzedwa lidali madola 126 miliyoni, laling'ono zedi koma losalowa pansi. Zili ngati mlimi amene wagulitsa fodya wake n'kupeza kangachepe, koma nthawi yomweyo wazindikira kuti munda wina umene adaugula modula ndi waguga.

Patangotha zaka ziwiri, Russia italowa nkhondo ndi Ukraine, mgolo udadutsa madola 120. M'miyezi yomweyo ya Epulo mpaka Juni 2022, phindu lokonzedwa lidafika madola 9.8 biliyoni, pomwe lotsata malamulo lidali madola 5.7 biliyoni chifukwa cha kutsika mtengo kwa masheya ake m'kampani ya gasi ya Novatek ya ku Russia. Chaka chonsecho chidatha ndi phindu lokonzedwa la madola 36.2 biliyoni. Lidatsika kufika pa 23.2 biliyoni mu 2023 ndi 18.3 biliyoni mu 2024. Kuti manambalawa amveke kukula kwake, chuma chonse chimene dziko la Malawi limapanga pachaka chakhala pakati pa madola 11 biliyoni ndi 13 biliyoni m'zaka zimenezi.

Anthu ena amati nambala yokonzedwayo ndi njira yobisira zolakwika za akuluakulu a kampani, ndipo mfundo yawo ili ndi maziko, pakuti ndalama zoikidwa ku Canada ndi ku Russia zidatayikadi. Wowerenga wosamala amayang'ana manambala onse awiri.

Mzere umene ukukhudza Malawi

Kusinthasintha konseku sikuchokera pa kuchuluka kwa mafuta opopedwa. Mu 2023 ndi 2024 kampaniyi inkatulutsa mafuta ndi gasi wofanana ndi migolo pafupifupi 2.4 miliyoni mpaka 2.5 miliyoni patsiku, ndipo chiwerengerochi sichisuntha kwambiri pa miyezi itatu. Chimene chimasuntha ndi mitengo, ndipo lipoti limatchula itatu: wa mafuta osayenga, wa gasi, ndi phindu la oyenga pa tani iliyonse.

Mtengo wa mgolo ndi umene umatchuka pa nkhani, koma dziko la Malawi siligula mafuta osayenga. Lilibe fakitale yoyengera, choncho limagula petulo ndi dizilo wotheratu kudzera m'madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Mtengo umene limalipira ndi wa mgolo kuphatikiza phindu la woyenga, kenaka sitima, inshulansi ndi ulendo wautali wa pamsewu kapena panjanji. Mu 2022 maiko a ku Ulaya atayamba kupewa mafuta a ku Russia, dizilo adasowa ndipo adakwera mtengo kuposa momwe mafuta osayenga adakwerera. Kwa kampani yokhala ndi mafakitale oyengera, chimenecho chidali chaka cha mwanaalirenji. Kwa dziko logula, udali mtolo wachiwiri pamwamba pa woyamba.

Gasi nayenso amafika ku Kasungu, ngakhale kudzera njira yokhotakhota. Feteleza wa Urea ndi wa CAN, yemwe alimi a fodya amabereketsera, amachokera ku amoniya, ndipo amoniya amapangidwa pogwiritsa ntchito gasi. Mtengo wa gasi ku Ulaya utafika pachimake mu Ogasiti 2022, mafakitale angapo a feteleza kumeneko adachepetsa ntchito. Miyezi imene nthambi ya gasi ya TotalEnergies inkakolola kwambiri ndi yomweyo imene thumba la feteleza linkalemera pa mtengo kuno.

Madola a chaka chimodzi, ngongole ya mwezi uliwonse

Msewu wa M1 ukadutsa m'chigwa cha Kasungu umanyamula katundu wa mitundu iwiri wodalirana. Galimoto za mafuta zochokera ku Dar es Salaam zimalowera pa Songwe n'kutsika kudzera ku Karonga ndi Mzuzu kupita ku Lilongwe. Malole a mabelo amalowera ku msika wa Chinkhoma kapena ku Kanengo. Fodya amagulitsidwa pa mtengo wa madola, ndipo akadali mbewu yobweretsa ndalama zakunja zochuluka kuposa ina iliyonse. Mafuta nawo amagulidwa ndi madola okhaokha.

Vuto lili pa kukula kwa mbali ziwirizi. Akuluakulu a boma akhala akunena kuti dziko lino limafuna madola pafupifupi 50 miliyoni pamwezi kuti ligule mafuta, kutanthauza madola 600 miliyoni pachaka. Mu 2022, chaka chimene makampani a mafuta adapeza phindu losaonekapo, fodya yense wa m'misika ya dziko lino adabweretsa madola pafupifupi 182 miliyoni kuchokera pa makilogalamu 85 miliyoni. Ndalama zimenezo sizikadakwana kugula mafuta a miyezi inayi. Mu 2024 msika udayenda bwino, makilogalamu 133 miliyoni adabweretsa madola pafupifupi 397 miliyoni, komabe amenewo ndi mafuta a miyezi isanu ndi itatu, mankhwala a m'zipatala ndi feteleza asanawerengeredwe.

Nthawi nayonso siigwirizana. Msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo n'kutsekedwa cha mu Ogasiti kapena Sepitembala, pomwe ngongole ya mafuta imabwera mwezi ndi mwezi. Kuyambira Okutobala madola a fodya amakhala ataphwa, ndipo ndi nthawi yomweyo imene feteleza amafuna madola ake. N'zosadabwitsa kuti mizere ya chakumapeto kwa 2022 ndi ya chakumapeto kwa 2024 idagwa m'miyezi imeneyi, pamene mathirakitala a m'maesiteti amafuna dizilo wolimira ndipo zigayo za kumidzi zimadalira dizilo yemweyo. Achikulire amakumbukiranso 2011, pomwe mitengo ya fodya idagwa, maiko othandiza adaimitsa thandizo, ndipo kusowa kwa mafuta kudali chimodzi mwa zifukwa za zionetsero za pa 20 Julayi.

Amene amaika mtengo papampu

Kampani ya ku Paris siiika mtengo wa lita ku Kasungu. Amene amatero ndi bungwe la Malawi Energy Regulatory Authority, lomwe ambiri amangoti Mera. Bungweli limawerengera mtengo wofikitsira mafuta m'dziko muno, misonkho monga wa misewu ndi wa magetsi a kumidzi, ndi phindu lololedwa kwa ogulitsa. Ndondomeko yake imati mtengo uunikidwe mwezi uliwonse, ndipo usinthe ngati mtengo wofikitsira wasuntha ndi ndalama zoposa 5 pa 100 iliyonse. Kusuntha kocheperapo kumayenera kumezedwa ndi thumba lapadera lotetezera mitengo. Oitanitsa mafutawo ndi kampani ya boma ya Nocma, yomwe ili ndi nkhokwe za malita 60 miliyoni ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, pamodzi ndi Petroleum Importers Limited, yomwe ndi mgwirizano wa makampani omwe si aboma.

Ndondomekoyi siidatsatidwe nthawi zonse. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, petulo adafika pa K2,530 ndipo dizilo pa K2,734. Mitengoyi idakhala chomwecho pafupifupi zaka ziwiri, mpaka mu Okutobala 2025 pomwe idakwera kufika pa K3,499 ndi K3,500. M'nthawi yonseyo oitanitsa mafuta ankadandaula kuti akugulitsa motsika kuyerekeza ndi ndalama zomwe alowetsa, thumba lotetezera mitengo lidauma, ndipo ngongole idaunjikana. Mtengo wotsika papampu yopanda mafuta sudathandize wa kabaza wa pa boma la Kasungu amene ankagula petulo wa m'zigubu pa mtengo wa mavenda. Apa ndi pomwe pali kusiyana kowawa: kampani yaikulu ikaluza kogulitsa imapeza kuchitsime, pomwe woitanitsa mafuta wa m'Malawi ali ndi mbali imodzi yokha ya malonda, ndipo ndi mbali yofuna madola.

Kuno kampani yoyandikirako pang'ono ku kagwiridwe ka mbali ziwiri kameneka ndi Press Corporation, yomwe mizu yake ili m'mabizinesi a Dr Hastings Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu komweko. Ili ndi theka la masheya a Puma Energy Malawi, komanso ili ndi masheya m'kampani yogula fodya ya Limbe Leaf. Kusiyana kwake n'kwakuti Puma siipopa mafuta pansi, imangogula ndi kugulitsa, ndipo makampani a pa msika wa masheya wa Malawi amatulutsa zotsatira zawo pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, osati itatu.

Kumene phindu limapita

Tsamba lina la lipoti limafotokoza zimene kampani yachita ndi ndalamazo. Gawo lina limapita kwa eni masheya, lina kubweza ngongole, lina ku ntchito zatsopano. Mu 2024 TotalEnergies idagwiritsa ntchito madola 8 biliyoni pogula masheya ake omwe pofuna kukweza mtengo wa otsalawo, ndalama zokwana kugulira dziko la Malawi mafuta kwa zaka zoposa khumi. Ntchito yake yaikulu yoyandikana ndi dziko lino ndi ya gasi ya madola 20 biliyoni ku Cabo Delgado m'dziko la Mozambique, yomwe idaimitsidwa mu Epulo 2021 zigawenga zitaukira tauni ya Palma. Gasi wa kumeneko adakonzedwera ogula a ku Asia ndi ku Ulaya.

Pa malipoti anayi a pachaka, lofunika kwambiri kwa mlimi wa ku Kasungu ndi la kumapeto kwa Okutobala, chifukwa limaonetsa mitengo ya dizilo ndi gasi ya Julayi mpaka Sepitembala, miyezi imene feteleza wa dzinja likudzalo amaitanitsidwa. Pofika tsiku lomwe limatuluka, mbande za fodya zimakhala zakula kale kunazale, ndipo mlimi amakhala atasaina kale mgwirizano wake ndi kampani yogula.