Kusonkhanitsa zida zomwe osewera baseball akale anagwiritsa ntchito

Kusonkhanitsa zida za osewera baseball akale ndi chizolowezi chogula ndi kusunga zinthu zimene osewerawo anavaladi kapena kugwira ali m'bwalo la masewera. Zinthuzi ndi monga ndodo zomenyera mpira, majezi, zipewa, magolovesi ndi nsapato. Chizolowezichi ndi chofala kwambiri ku United States, ndipo zida zimene anthu amazifuna kwambiri ndi za osewera otchuka monga Babe Ruth, Lou Gehrig, Ty Cobb ndi Jackie Robinson. Mtengo wa chida umadalira kwambiri umboni wosonyeza kuti wosewerayo anachigwiritsadi ntchito.

Chifukwa chake zidazi n'zosowa

Kale matimu ankaona zida ngati katundu wogwirira ntchito basi. Majezi ankasokedwa ndi nsalu yochindikala ya ubweya wa nkhosa mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Nyengo ya masewera ikatha, majezi ambiri ankaperekedwa ku matimu ang'onoang'ono, komwe ankasomola dzina la timu ndi nambala n'kusokerapo zina. Ndodo zikathyoka ankazitaya kapena kupatsa ana. Zimene zinapulumuka nthawi zambiri ndi zimene wosewera anapatsa mnzake kapena zimene banja lake linasunga.

Mmene amatsimikizira chida

Akatswiri amayamba ndi mbiri ya chidacho, kutanthauza anthu onse amene anakhalapo nacho kuchokera pa wosewerayo. Kenako amayeza chidacho. Pa jezi amaona chikwangwani cha kampani yosoka, monga Spalding, ndi dzina la wosewera limene kale linkasokedwa mkati mwa kolala. Pa ndodo amathandizidwa ndi mabuku a kampani ya Hillerich & Bradsby ya ku Louisville m'chigawo cha Kentucky, imene imapanga ndodo za Louisville Slugger. Kampaniyi inkalemba utali ndi kulemera kwa ndodo zimene wosewera aliyense ankaitanitsa. Amaonanso zipsera za mpira pa ndodoyo ndi phula la mtengo wa paini limene osewera ankapaka pogwirira kuti isaterere.

Njira ina ndi yofanizira chidacho ndi zithunzi zakale. Ngati banga, chigamba kapena malo a mabatani zikufanana ndendende ndi za pa chithunzi cha tsiku lodziwika, ndiye kuti chidacho chinalidi m'bwalo tsikulo.

Mitengo

Pa 18 Epulo 1923, tsiku lotsegulira bwalo la Yankee Stadium, Babe Ruth anamenya home run yoyamba ya bwalolo, komwe ndi kumenya mpira n'kuuponya kunja kwa mpanda. Ndodo imene anamenyera inagulitsidwa pa okushoni ya Sotheby's mu 2004 pa mtengo wa madola oposa 1.2 miliyoni. Jezi yake ina inagulidwa mu 2005 pa madola 940,000. Patapita zaka, akatswiri anaifanizira ndi zithunzi n'kunena kuti ndi imene anavala pa masewera achitatu a World Series ya 1932 ku Wrigley Field mumzinda wa Chicago, ngakhale kuti ena sanakhutire ndi umboniwo. Mu Ogasiti 2024 jezi yomweyo inagulitsidwa ku Heritage Auctions pa madola 24.12 miliyoni.

Zida zabodza

Popeza ndalama zake n'zambiri, chinyengo sichisowa. Barry Halper anali mmodzi mwa osonkhanitsa odziwika kwambiri, ndipo katundu wake wambiri anagulitsidwa ku Sotheby's mu 1999. Gawo lina linapita ku National Baseball Hall of Fame, nyumba yosungiramo zinthu zakale za baseball imene ili ku Cooperstown m'chigawo cha New York. Pakati pa zinthuzo panali jezi imene ankati Joe Jackson anavala mu 1919. Itayezedwa, zinalengezedwa mu 2010 kuti inali ndi zipangizo zimene kunalibe m'chaka chimenecho, choncho sinali yeniyeni.

Mu 2001 bungwe la Major League Baseball linayamba kuika anthu ake m'mabwalo kuti azimata kachizindikiro konyezimira kokhala ndi nambala pa chida chikangochoka m'masewera. Njirayi imateteza zida zatsopano zokha. Za osewera akale zimadalirabe makalata, mabuku a makampani ndi zithunzi.

Mkangano wa kudula zida

Makampani opanga makadi a osewera amagula zida zakale n'kuzidula tizidutswa timene amamata m'makadi. Upper Deck inadula ndodo ya Ruth mu 1998, ndipo Donruss inadula jezi yake ya 1925 mu 2003. Ogwirizana nazo amati anthu wamba amapeza mwayi wokhala ndi kachidutswa ka mbiri. Otsutsa amati majezi a Ruth otsala ndi ochepa kwambiri, ndipo imene yadulidwa singabwezeretsedwe kapena kuyezedwanso bwinobwino ndi akatswiri a m'tsogolo.